Ndikumaliza digiri yachiwiri ya malamulo a msonkho, ntchito ndiiyambire pati?

Funso: Ndine mtsikana wa ku Malawi. Digiri yoyamba ya zamalamulo ndinaitenga kwathu, ndipo pano ndikumaliza yachiwiri, ya malamulo a msonkho, pa yunivesite ina ku South Africa. Kwatsala miyezi yochepa kuti nditsirize. Ndatumiza makalata ambiri ofunsira ntchito kumaofesi a maloya ku Blantyre ndi ku Lilongwe koma palibe wandiyankha. Ofesi yothandiza ophunzira kupeza ntchito pasukulu pano imangokamba za ntchito za kuno. Kodi ndinalakwitsa posankha phunziroli? Ndiyambire pati?

Yankho:

Achemwali, phunziro simunalakwitse ayi. Vuto lili pa makomo amene mukugogoda, komanso pa zimene makalata anu anyamula.

Maofesi ambiri a maloya kwathu kuno ndi ang'onoang'ono, ndipo ndalama zawo za tsiku ndi tsiku zimachokera ku milandu ya ngongole, ya malo, ya ngozi za pamsewu, ya anthu ochotsedwa ntchito, ndi kulemba mapangano. Nkhani ya msonkho imawapeza mwa apo ndi apo, nthawi zambiri itavuta kale mpaka kufika kubwalo. Mwini ofesi akawerenga kalata yoti munthu ndi katswiri wa msonkho, amayamba wadzifunsa kuti munthuyu mwezi wonse azidzagwira chiyani, nanga malipiro ake adzatuluka mu fayilo iti. Yankho likasowa, kalatayo amangoiika pambali. Sikuti akukunyozani.

Ntchito yambiri ya msonkho ili m'manja mwa akauntanti. Kampani ikalandira kalata yochokera ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority (MRA) yoti akubwera kudzaunika mabuku, foni yoyamba imapita kwa amene amaiwerengera ndalama, osati kwa loya. Makampani akuluakulu owerengera chuma ali ndi nthambi zoona za msonkho wokhawokha, ndipo m'nthambi zimenezo mwadzaza anthu odziwa manambala. Amene amasowa kawirikawiri ndi munthu woti atenge ndime ya lamulo, aiwerenge liwu ndi liwu, aone zimene makhoti ananenapo, kenako alembe kalata yotsutsa msonkho umene kampani yalamulidwa kulipira, kalata yoti ngakhale nkhani itafika pamaso pa jaji isagwedezeke. Mpata wanu uli pamenepo. Koma simungaulowe ngati manambala amakuopsani, ndipo apa ndi pamene maloya ambiri ophunzira bwino amagwera.

Tiyerekeze kampani ina ya ku Limbe, imene eni ake ali ku Johannesburg, imalipira kampani yaikulu ya kumeneko K200 miliyoni pachaka, akuti ndi malipiro a upangiri wa kayendetsedwe ka ntchito. Ndalamayi imachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe. A MRA abwera, anena kuti upangiri wotere sakuuona, ndipo abwezera K200 miliyoni yonse pa phindu. Pa mlingo wa 30 peresenti umene makampani ambiri amalipira, umenewo ndi msonkho woonjezera wa K60 miliyoni pa chaka chimodzi chokha, osawerengera chindapusa ndi chiwongoladzanja. Mutapatsidwa fayilo imeneyi mungatani? Wophunzira wabwino amayamba kukamba za malangizo a OECD, bungwe la maiko ambiri olemera loona za chuma, ndi mfundo yoti makampani apachibale azigulitsana zinthu pa mtengo umene anthu osadziwana akanagulitsirana. N'zoona, ndipo gawo 127A la Taxation Act pamodzi ndi malamulo a 2017 a transfer pricing, oona za mitengo pakati pa makampani apachibale, akunena zomwezo. Koma wantchito wabwino amayamba waitanitsa mapepala. Pangano lake lili kuti, linasainidwa liti? Ndani anabwera kudzapereka upangiriwo, anabwera mwezi uti, maimelo ndi malipoti ake ali kuti? Mtengo wa K200 miliyoni anaufikira bwanji? Amafunsanso ngati msonkho wodulidwa pa ndalama zopita kwa anthu akunja unadulidwa, ndi zimene pangano la msonkho la 1971 pakati pa Malawi ndi South Africa likunena pa malipiro otere. Ndipo asanachite china chilichonse amayang'ana deti la pa kalata ya MRA, chifukwa masiku 30 otsutsira akadutsa, mfundo zonse zabwino zija zikhoza kukanidwa osaziwerenga n'komwe. Wolemba ntchito akufuna munthu wachiwiriyu, ndipo satifiketi payokha simuuza kuti inu ndinu uti mwa awiriwa.

Choncho m'miyezi yatsalayi phunzirani kuwerenga mabuku a chuma a kampani. Tengani lipoti la pachaka la kampani iliyonse imene ili pa Malawi Stock Exchange, malipotiwa amapezeka mwaulere pa intaneti, mupite pa tsamba lofotokoza za msonkho, ndipo musachokepo mpaka mutamvetsa chifukwa chake msonkho umene walembedwa sukufanana ndi 30 peresenti ya phindu. Kusiyana kumeneko ndiye ntchito yanu yonse: ndalama zimene lamulo limakana kuchotsera, zimene limalola kuchotsa pa makina ndi nyumba, zotayika za zaka zam'mbuyo. Pezani mabuku a phunziro la msonkho amene ophunzira a ICAM, bungwe la akauntanti m'Malawi, amagwiritsa ntchito, muwerengere nokha mafunso ake ndi pensulo. Mudziwe pamtima kuti PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) ndi withholding tax (msonkho umene wolipira amadula asanapereke ndalama kwa mwini wake) zimaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, kuti zambiri masiku ano zimadzera pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti, ndi kuti za katundu wolowa m'dziko zimayenda pa ASYCUDA World, pulogalamu ya pakompyuta ya kasitomu. Zimenezi zimaoneka zazing'ono kwa munthu wa digiri ziwiri, koma pa intavyu ndi zimene zimasonyeza kuti munthu atha kuyamba ntchito Lolemba.

Palinso chinthu china chimene ophunzira ochokera kumene muliko amaiwala. Mwakhala mukuwerenga Income Tax Act ya 1962 ya ku South Africa, dziko limene kuyambira 2001 limadula msonkho pa ndalama zimene wokhala m'dzikomo wapeza kulikonse padziko lapansi. Lamulo lathu linaima pena: limayang'ana gwero la ndalama, ngati zachokera m'Malawi kapena lamulo likuziona ngati zachokera m'Malawi. Mukayankha funso la kuno ndi mutu wa kumeneko muphonya. Komabe maphunziro anuwo sanapite pachabe, chifukwa malamulo a maiko awiriwa ndi apachibale kuyambira kale, ndipo milandu yakale ya kumeneko yofotokoza za gwero la ndalama, monga wa Lever Brothers wa 1946, ikhoza kukuthandizani pokopa bwalo la kuno ngakhale silikakamizidwa kuitsatira. Khalani pansi ndi Taxation Act yathu, VAT Act ya 2005, Customs and Excise Act, ndi malamulo awiri amene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2021, Tax Administration Act ndi Revenue Appeals Tribunal Act. Muziwerenga ndi zosintha zake zaposachedwa, poti malamulo a msonkho amasintha pafupifupi chaka chilichonse. Zigamulo za makhoti athu mungazipeze pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, ndipo Bwalo Lalikulu lili ndi nthambi yakeyake yoona milandu ya msonkho, Revenue Division.

Khomo lachiwiri ndi MRA yeniyeniyo, ndipo ine ndimauza achinyamata kuti asainyoze. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000, litaphatikiza nthambi ziwiri za boma, ya msonkho wa pa ndalama zopeza ndi ya kasitomu. Lili ndi maloya ake amene amalangiza komanso kuimirira bungweli kukhoti, lili ndi ofesi yoona makampani akuluakulu, lilinso m'zipata monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Munthu amene wakhala kumeneko zaka zingapo amaona mafayilo ochuluka kuposa amene akanawaona mu ofesi ya loya zaka khumi, ndipo amadziwa mmene wotolera msonkho amaganizira. Ku Unduna wa Zachuma kuli nthambi yokonza mfundo za misonkho, ku Unduna wa Zachilungamo kuli olemba mabilu. Malipiro a m'boma si okoma, zimenezo sindingakubisireni, koma kumeneko n'kumene dziko likusowa kwambiri anthu ngati inu.

Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa cha zimene zinachitika pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti dziko lino linataya ndalama zoposa 43 miliyoni za ku America m'zaka 6, zina chifukwa cha misonkho imene boma linachotsa m'pangano la mgodiwo, zina chifukwa ndalama zinkadutsira ku Netherlands, kumene pangano la msonkho la nthawi imeneyo linkalola kuti zituluke osadulidwa. Sikuti wina anathyola chitseko usiku. Zonse zinali m'mapepala amene anthu anakhala pansi n'kusaina. Pangano lathu la msonkho ndi Britain ndi la 1955, dziko lino lisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira. Mu July 2024 boma linasaina mapangano atsopano a migodi ya Kayelekera ndi Songwe Hill ku Phalombe, ndipo nkhani ya miyala ya rutile ku Kasiya ikupitirira. Pa tebulo lililonse lotere, mbali ya kampani imabwera ndi akatswiri a msonkho odziwa ntchito yawo. Mbali ya dziko ikufunikanso ake.

Musaiwale mabanki, makampani a mafoni, a shuga, a fodya ku Kanengo ndi a inshuwalansi. Amenewa salengeza kuti akufuna loya wa msonkho. Mu The Nation, The Daily Times kapena pa LinkedIn mudzaona mayina monga tax consultant, tax associate, legal officer, compliance officer, ngakhale wothandizira company secretary. Werengani ntchito zimene zalembedwa pansi pa dzinalo, osati dzina lokhalo. Kulinso mabungwe amene amafufuza ndi kulimbikitsa chilungamo pa misonkho, monga Malawi Economic Justice Network kuno kwathu ndi Tax Justice Network Africa ku Nairobi. Ndipo poti muli kale ku South Africa, dziwani kuti likulu la African Tax Administration Forum, bungwe limene linayamba mu 2009 lophatikiza mabungwe otolera misonkho a mu Africa, lili ku Pretoria, ndipo lili ndi gulu la ofufuza limene limaitanitsa zolemba chaka ndi chaka. Kuyambira kumapeto kwa 2023, pamene maiko a mu Africa anapambana pa voti ku United Nations yoti pakhale pangano latsopano la mgwirizano pa misonkho, nkhani zimenezi zakhala zikufuna anthu odziwa kulemba.

Tsopano za kalata. Kalata yonena kuti ndinu wolimbikira, wokhulupirika ndi wokonda kuphunzira, wolemba ntchito wailandira kuchokera kwa aliyense. Inu tumizani ntchito. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 April, choncho nduna ya zachuma imapereka bajeti kumayambiriro kwa chaka, ndipo pambuyo pake pamabwera mabilu osintha malamulo a msonkho. Sankhani chosintha chimodzi chokha. Lembani masamba awiri: lamulo linkati chiyani, tsopano likuti chiyani, likhudza ndani, pa kampani yongoyerekeza ndalama zisintha bwanji, ndipo ndi pati pamene mawu a lamulolo angamveke pawiri. Kapena tengani chigamulo chimodzi cha Revenue Division muchifotokoze m'njira yoti mkulu woona zachuma pakampani achimve akumwa tiyi. Masamba awiri basi, opanda mawu ozungulira. Kenako mutumize kwa munthu weniweni, mkulu wa nthambi ya msonkho, mutamutchula dzina, osati ku imelo ya kampani yonse. M'kalata yoperekeza nenani kuti ndinu ndani, mutsiriza liti, mwaphatikiza chiyani, ndipo pemphani mphindi 15 zocheza naye pa foni kapena mukabwera kumudzi. Musapemphe ntchito m'kalata yoyambayi. Munthu wotanganidwa zimamuvuta kukupatsani ntchito imene palibe, koma kukupatsani mphindi 15 n'kosavuta, ndipo mpata ukapezeka amakumbukira amene anamutumizira chinthu chomveka.

Kafukufuku wanu wa digiri mumufupikitsenso afike tsamba limodzi. Palibe amene awerenge masamba 80. Ngati mutu wake sunakhudze Malawi, onjezerani ndime yosonyeza chimene nkhaniyo ikutanthauza kuno. CV isapitirire masamba awiri, ndipo pamwamba pakhale zimene mwachita ndi manja anu: maganizo a zamalamulo amene munalemba, milandu imene munathandizapo, kuwerengera msonkho kumene munachita m'kalasi.

Ofesi ya pasukulu panuyo musaitaye chifukwa choti imakamba za ntchito za kumeneko. Apempheni akuyeseni intavyu, akuwongolereni CV, ndipo koposa zonse akuthandizeni kupeza ophunzira akale ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene anadutsa m'phunziro lomweli. Amenewo ndi amene amadziwa komwe mpata ukutseguka usanafike m'nyuzipepala. Aphunzitsi anu a msonkho ambiri amagwiranso ntchito kunja kwa kalasi ndipo amadziwana ndi anzawo a m'maiko oyandikana nawo. Pitani mukawaone muli pasukulu pomwepo, muwapemphe kuti adzakhale mboni zanu, chifukwa pakatha chaka nkhope yanu idzakhala itasakanikirana ndi za ena. Ndipo nambala yanu yachinsinsi yolowera ku laibulale isanatsekedwe, werengani zonse zimene mungathe zokhudza mapangano a msonkho a Malawi, poti kunja kwa sukulu mabuku amenewa ndi okwera mtengo kwambiri.

Ngati mumaganizira zotsalira ku South Africa, dziwani izi msanga. Legal Practice Act ya 2014 imalola nzika ndi anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo okha kulandiridwa kukhala maloya, ndipo mu 2022 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagwirizana nazo pa mlandu wa Rafoneke. Ulangizi wa msonkho sufuna kuti munthu akhale loya wolandiridwa, koma umafuna kulembetsa ku SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko, ndi ku bungwe lovomerezeka la akatswiri, komanso chitupa chogwirira ntchito. Ngati mukuphunzira ndi thandizo la ndalama, werenganinso pangano lanu, chifukwa ambiri opereka thandizo lotere amafuna kuti munthu abwerere kwawo akatsiriza. Kwathu kunonso digiri yachiwiri silowa m'malo mwa kulandiridwa kukhala loya. Ngati simunamalize zimenezo, funsani ku Malawi Institute of Legal Education ndi ku Malawi Law Society kuti mudziwe chimene chikukutsalirani, ndipo ngati munalandiridwa kale, musalole kuti laisensi yanu ife ngakhale mutakagwira ntchito pakati pa akauntanti. Tsiku limene nkhani idzafike kubwalo, laisensiyo ndi imene idzakusiyanitseni ndi anzanu onse a mu ofesi.

Chowawa n'chakuti ntchito yoyamba ikhoza kukuikani pa mpando umodzi ndi munthu wa digiri imodzi, mwinanso wamng'ono kwa inu, ndipo miyezi yoyamba muzidzangodzaza mafomu a VAT ndi kulondola malisiti. Abale adzafunsa kuti ku Joni kuja munakatengako chiyani. Landirani ntchitoyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mafomuwo ndi amene adzakuphunzitseni mmene kampani imasungira ndalama zake, ndipo digiri yachiwiri imayamba kuonekera pamene pabwera funso lovuta limene ena onse akulizemba. Pa chifukwa chomwechi musathamangire satifiketi ina pakadali pano. Maphunziro monga ADIT a bungwe la Chartered Institute of Taxation la ku Britain ndi abwino kwa wofuna kuzama pa misonkho ya pakati pa maiko, koma amakoma munthu ali kale pantchito, mwina bwana akulipirako.

Pa intavyu adzakupatsani nkhani yofanana ndi ya ku Limbe ija. Musathamangire kuyankha. Funsani mafunso, nenani mapepala amene mungafune kuona, tchulani lamulo limene mukayang'anemo. Pamene simukudziwa mlingo wa msonkho, nenani kuti mukatsimikiza m'lamulo la chaka chino, osangotchula nambala ya m'mutu. Mu ntchito imeneyi nambala yolakwika yonenedwa molimba mtima imaluzitsa kasitomala ndalama zenizeni, ndipo amene akukufunsaniyo akudziwa zimenezo.

Ndikuchenjezeninso, poti ndinu wachinyamata ndipo mudzakumana nazo. Padzabwera kasitomala wofunsa ngati mukudziwa munthu mkatimo woti nkhani ithere kuseri, ndipo mukakhala mbali ya MRA padzabwera envelopu. Anthu a msonkho m'dziko muno ndi ochepa, onse amadziwana, ndipo mbiri ikaipa imafika paliponse pa sabata imodzi. Kuthandiza kampani kulipira msonkho wochepa motsatira lamulo ndi ntchito yolemekezeka. Kubisa ndalama kapena kusintha madeti pa mapepala ndi mlandu, ndipo loya amataya nazo laisensi. Chimodzimodzinso aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa oitanidwa ku intavyu, ameneyo ndi wakuba.

Misonkhano ya pachaka ya ICAM ndi ya Malawi Law Society, imene kawirikawiri imachitikira kunyanja ku Mangochi, imadula kwa munthu amene sali pantchito. Maphunziro a tsiku limodzi ofotokoza zosintha za msonkho bajeti ikangodutsa ndi otsikirako mtengo, ndipo m'chipinda chimenecho mumakhala anthu enieni amene mukuwafuna. Bungwe la Women Lawyers Association nalonso ndi malo abwino odziwana ndi amayi amene anatsogola.

Samalaninso nthawi yotumizira. Kampani imayenera kupereka fomu yake ya msonkho wa pachaka pasanathe masiku 180 chaka chake cha zachuma chitatha. Makampani ambiri amatseka mabuku mu December, kutanthauza kuti kuyambira cha mu March mpaka kumapeto kwa June nthambi za msonkho zimakhala zitapanikizika, ndipo ndi nthawi yomweyo imene zosintha za bajeti zimayamba kugwira ntchito. Masamba anu awiri aja afike kwa akuluakulu a nthambizi mu January kapena February, akuganizira za anthu owonjezera, ndipo muwauze kuti mwakonzeka kuyamba ngakhale pa kontirakiti ya miyezi itatu. Pakadutsa masabata awiri osamva kanthu, imbani foni kamodzi, mwaulemu, mufunse ngati zolembazo zinawapeza.